Pitsa Yopinda ya Mkamwini

Ku Joni ndinakhalako zaka zingapo, ndipo anthu kumudzi ankadziwa kuti ndimagwira ntchito pa kampani. Sindinawanamize kwenikweni. Kungoti kampani yakeyo inali malo odyera, ndipo ine ndinkakhala kumbuyo pafupi ndi uvuni, kukanya fulawa mpaka miyendo kutupa. Ntchito yanga inali yophika pitsa. Kwa amene simunaionepo, ndi buledi wophwatalala ngati chivundikiro cha sefuliya, pamwamba amapakapo tomato n'kuwazapo tchizi ndi tinyama kapena timasamba. Ilipo yopyapyala yoti ukaluma imathetheka m'kamwa, ilipo yonenepa yofewa, ndiye ilipo ina yopinda pakati, ndiwo zonse zili m'kati. Zonsezi manja angawa amazidziwa ngakhale nditatsinzina.

Mapepala atandithera, anatikweza basi n'kutibweza kumudzi. Ndinafika ku Likoswe, kwawo kwa mkazi wanga, ndi jumbo imodzi ya zovala. Anthu anandilandira bwino ndithu, koma maso awo ankayang'ana kumsewu ngati pali katundu wina akubwera m'mbuyo. Kunalibe. Ndinalowa m'nyumba ndili mkamwini wopanda kanthu, pa malo a eni, munda wa eni, ngakhale mkeka umene ndinagonapo unali wa eni.

Khasu ndiye ndinali nditaliiwala. Nthawi yogalauza itafika, mizere yanga inkakhotakhota ngati njira ya munthu wochokera ku kachasu, m'manja matuza okhaokha. Alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga, ndi munthu woti akapeza poseka sasiya. Ankaima m'malire mwa munda atatsamira khasu n'kumakuwa kuti, "Alamu, kodi ku Joni amalima ndi supuni?" Ine ndinkaseka nawo, nanga n'kutani.

Kuseka kunatha tsiku limene atsibweni a mkazi wanga anabwera kudzaona munda. Iwo ndi mlongo wawo wa apongozi anga, ndipo ndiwo eni mbumba, mawu awo pakhomopo sabwezedwa. Anayenda m'mundamo, n'kumenya mzere wanga umodzi ndi phazi. Unagumuka.

"Akamwini," anatero, "ife kuno sitidya nkhani za ku Joni. Chaka chino tione nkhokwe. Ikapanda kudzaza, bulangete lanu mukudziwa pamene lili."

Nthawi imeneyo mkazi wanga anali woyembekezera mwana wathu woyamba. Mkamwini akapirikitsidwa amanyamula bulangete basi, mwana amatsala kwa amake. Kwathu, cha ku Namadzi, minda ndi ya azilongo anga, ndipo ine ndikanangokhala munthu wogona pa khonde la wina. Ndinayankha kuti ndamva, ndikuyang'ana zala zakuphazi.

Tsono nkhani ya chakudya inayamba chonchi. Nthawi ya dzinja palibe amene amasonkha moto m'mawa, anthu amadzukira kumunda kunja kusanayere. Chakudya cha m'mawa chimakonzedwa dzulo lake: mkute, mbatata yophika, chinangwa, kapena kalongonda wa apongozi amene ankamuphika tsiku lathunthu akutaya madzi n'kuthira ena. Zonsezi amazimanga m'kansalu n'kukadyera kumunda dzuwa likakwera. Koma mkazi wanga mimba inamuda nazo zonse. Akangomva fungo la mkute, uyo kuseri kwa nyumba kukasanza. Ankalima ndi njala, maso akulowa m'kati, ndipo tsiku lina anagwa khasu lili m'manja. Ndinachita mantha, abale.

Ndinapalasa njinga kupita ku Namadzi, ndinagula fulawa ndi yisiti, n'kuzibisa pansi pa jumbo ngati ndaba. Masana ake, anthu ali m'mithunzi kupuma, ndinalowetsa mbaula m'nyumba n'kutseka chitseko. Uvuni kunalibe, ndiye ndinachita mmene amayi amaphikira chigumu, moto pansi pa sefuliya, makala ena pamwamba pa chivundikiro. Botolo linakhala chophwatalalitsira mtanda. Tchizi ungamupeze kuti ku Likoswe? Ndinasakaniza nsinjiro ndi timadzi ndi kamchere mpaka zinachita phalaphala, n'kuthira pamwamba pa tomato ndi anyezi.

Yopyapyala ndiyo inatuluka yokongola, moti ndinaiyang'ana n'kumva misozi ikubwera, kukumbukira uvuni wanga uja. Koma itagona, m'mawa inali chikopa, yoti ungakonzere nsapato. Yonenepa inagona bwino koma tomato analowerera, pofika kumunda inali nyowenyowe. Imene inapirira ndi yopinda. Ndinkaika m'kati chipere cha nandolo, tomato wokazinga bwino mpaka madzi kuuma, nsinjiro zija, nthawi zina ndi bonya pang'ono, n'kutsina m'mbali monse kuti zisatuluke. Ikazizira ndinkaikulunga m'masamba a nthochi. M'mawa inali ikadali yofewa, ndipo mkazi wanga anaidya yonse osasanza. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo, ndiye zaka zonsezi munkachita zimenezi?" Ndinavomera ndi mutu.

Pamenepo ndinamupempha chinthu chimodzi. "Wina akafunsa, muzinena kuti mwaphika ndinu."

"Bwanji? Mwaba?"

"Mukufuna andiimbe nyimbo pamudzi pano? Mkamwini wolephera khasu, ndiye amupezenso akukanya fulawa? Azidzati munandidyetsa khuzumule."

Mkazi wanga anaseka mpaka kugwira m'mimba, koma anavomera. Amadziwa mmene amuna a kwawo amanenera za mwamuna wokhala pa mafuwa mkazi alipo, amati anamudyetsa mankhwala omupusitsa. Ine dzina limenelo sindinkalifuna ngakhale pang'ono.

Sipanatenge nthawi, apongozi analawa. Ine ndi apongozi tinkapewana monga mwa mwambo. Tikakumana panjira, wina ankapatukira kutchire. Moni tinkapatsana chapatali, ine nditanyonyomala, iwo akuyang'ana kumbali. Kudya ndiye ayi, mkamwini sangatafune apongozi akuona. Ndiye kumunda nthawi ya chakudya ikakwana, ine ndinkatenga gawo langa n'kukakhala kuseri kwa chulu. Ndili komweko ndinamva mawu awo.

"Iwe, chimenechi n'chiyani?"

"Chigumu cha ku Joni, amayi. Bambo anandifotokozera kaphikidwe kake."

Kenako ndinamva, "Iii, koma mwana iwe! Ndimayesa manja ako ndi opsereza nyemba basi. Tandipatsa chinacho."

Ndinakhala kuseri kwa chulu kuja ndikumwetulira ndekha ngati chitsiru. Koma chisangalalo changa sichinakhalitse, chifukwa apongozi sadziwa kusunga chabwino. Anakachinena kumjigo, anakachinena kwa amayi anzawo a kutchalitchi, kuti mwana wawo akuphika zachizungu ndi nandolo wa m'munda momwemu. Anayamba ndi kuitanitsa: mawa muchuluke tsabola, mawa musaike bonya. Mkazi wanga ankabwera ndi uthengawo akuseka, ine n'kutseka chitseko, n'kuyamba kukanya. Mayi woti sindingamuyang'ane kumaso ankadya m'mawa uliwonse zimene zala zanga zafinya, iye osadziwa.

Chimanga chinamera, udzu nawo unamera. Nthawi yopalira itafika pachimake, masiku a mkazi wanga anayandikira, ndipo a chipatala anati akadikirire komweko ku Ndunde. Anapita ndi amayi ake monga womudikirira. Ine ndinati apa ndiye ndigwire munda ndi manja awiri. Koma pasanathe masiku, mayi wina wochokera kuchipatalako anandipatsa uthenga: mkazi wanga sakudya, phala likubwerera, akungolira chigumu chija.

Mukanakhala inu mukanatani? Ndinaphika. M'mawa ndinamangirira dengu pa njinga n'kupalasa m'matope mpaka ku Ndunde. Ndinkaganiza kuti ndimuitanitsa mkazi wanga pambali n'kumupatsira mobisa. Koma amene anatuluka m'chidikiromo ndi apongozi. Ndinatsika njinga msangamsanga, ndinaika dengu pansi, n'kubwerera m'mbuyo n'kunyonyomala. Amayi ena odikirira anali pakhonde, ena akutsuka mbale, onse maso pa ife. Apongozi anamasula masamba a nthochi aja. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anafunsa, nkhope ataloza ku mtengo wa mango umene unali pambali.

"Waphika ndani, bambo?"

"Ndagula ku Namadzi, amayi."

"Ooo. Ku Namadzi."

Ananyamula dengu n'kulowa. Ine ndinatsala pomwepo, makutu akutentha, ndikudziwa kuti bodza langa silinafike ndi pakhomo pomwe. Koma mawa lake ndinabweranso, ndi mkuja womwe, chifukwa mkazi wanga ankadya. Apongozi ankalandira dengu osafunsanso. Pobwerera kumudzi dzuwa linali litakwera kale, ndinkapalira pang'ono, masana n'kutsekanso chitseko. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ine ndinavumbwa zenizeni. Udzu unapitirira chimanga.

Amene anandigwira ndi alamu. Fungo linawakoka. Anadabwa kuti mlongo wawo kulibe, koma m'nyumba mukutuluka kafungo kaja. Sanagogode, anangosuzumira pa zenera. Anandipeza nditagwada pansi, fulawa mpaka m'zigongono, m'chiuno nditamanga chitenje cha mkazi wanga kuti buluku lisade. Chitenje, abale! Mwa zonse zimene ndikanamanga!

"Mayo ineee!" anakuwa alamu. "Bwerani mudzaone! Achemwali abwerako ku Ndunde, amera ndevu!"

Sindidzaiwala phokoso la mapazi a anthu akuthamangira pa zenera paja. Ndinayesa kumasula chitenje koma manja anali omata, mfundo inakana. Ndinangoima pakati pa nyumba, anthu akusinthana pa zenera, ena akugwa pansi ndi phwete. Ndikanakonda nthaka ikanang'ambika. Pofika madzulo mudzi wonse unali utamva, ndipo ndikamadutsa amuna a pa bawo ankandipatsa moni kuti, "Mwaswera bwanji, mayi?" Dzina la khuzumule lija ndinalithawa miyezi yonseyi linandipeza ndi chitenje chomwe.

Mwana anabadwa, wamkazi, wamphumphu bwino. Ndinamunyamula ndikudzifunsa ngati adzandidziwe n'komwe. Chikuta chitangotha, atsibweni anaitanitsa ankhoswe. Kuchokera kwathu kunabwera achimwene anga aakulu, amene atamva nkhani yonse panjira anafika nkhope itagwa, osafuna ndi kundiyang'ana. Tinakhala pabwalo masana, amuna pa mipando, amayi pa mkeka chapatali. Apongozi anakhala atandifulatira, mkazi wanga pambali pawo ndi mwana m'manja. Anthu ena osaitanidwa anadzaza m'mphepete mwa mpanda.

Atsibweni sanazungulire. "Munda mwauona nokha, ndi tchire. Ndinanena kuti tidzaona nkhokwe, koma palibe chodikira, muli udzu simutuluka chimanga. Ndiye tamva kuti pamene anzake akupalira, mkamwini wathu amavala chitenje n'kumakanya fulawa. Ife tinkafuna mwamuna pakhomo pano. Akazi tili nawo kale okwanira." Anthu a kumpanda anaseka. Kenako anatembenukira kwa ine. "Akamwini, yankhani. Anakutumani ndani zimenezi?"

Mawu ndinali nawo. Ndinkafuna kunena kuti mkazi wanga anagwa ndi njala m'munda, kuti mwana ali apoyo wakula ndi chakudya chimenecho. Koma mkamwini asamakule mwendo. Ndinangoweramitsa mutu. Mkazi wanga anayamba kulankhula, atsibweni anamudula kuti iye ndi mwana, adikire. Achimwene anga anali atayamba kale kupepesa, kunena kuti anditenga tikakambirane kwathu. Ndinaona kuti basi, zatha.

"Ndinamutuma ndine."

Anali apongozi. Sanatembenuke, analankhula akuyang'ana kumpanda.

"Achemwali, mukuti chiyani?" anafunsa atsibweni.

"Ndati ndinamutuma ndine. Ndinamva kuti ku Joni ankaphika, ndiye ndinamuuza kuti aziphikira ine ndi mwana wanga. Ku Ndunde ndinkamuitanitsa ndine m'mawa uliwonse. Akanakana bwanji, poti ndine mpongozi wake? Munda wagonera ine. Ngati pali wonyamula bulangete, muyambe ndi ine, achimwene."

Linali bodza kuyambira kumutu mpaka kumchira, ndipo tinkalidziwa anthu atatu. Koma taganizani chimene mayiyo anadziveka. Mpongozi amene sayenera ndi kuyang'anana ndi mkamwini, kuvomera pagulu kuti anamulowetsa kukhitchini chifukwa cha kususuka kwake, mpaka kugonetsa munda wa mwana wake! Amayi a pamkeka anagwira pakamwa. Wina kumpanda anati, "Asa!" Atsibweni anayang'ana mlongo wawo nthawi yaitali, analavula malovu pambali, n'kuimirira. Mlongo wawo wamkulu, mwini nthaka yomwe tinakhalapoyo, sakanamupirikitsa. Anangoti, "Ndiye zanu zimenezo," n'kumapita. Mlandu unathera pomwepo.

Ine ndinatsala pamudzi, koma mtolo unasamukira pamutu pa apongozi. Kumjigo amayi ankasiya kulankhula iwo akafika. Ena ankafunsana mokweza kuti kaya masiku ano mpongozi ndi mkamwini amadyera mbale imodzi. Kutchalitchi, kumene ankakhala kutsogolo ndi amayi otsogolera nyimbo, anayamba kukhala kumbuyo pafupi ndi khomo. Mayi amene moyo wake wonse sanamvekepo ndi mbiri yoipa! Ine mbaula ndinaitulutsa m'nyumba, fulawa wotsala ndinamuponyera nkhuku. Ndinalumbira kuti sindidzakhudzanso mtanda. Ndinkadzukira kumunda kukalimbana ndi udzu uja, ngakhale zinali zochedwa.

Kuthokoza ndiye kunandivuta. Mwambo sunatipatse njira yoti mkamwini akakhale pansi ndi apongozi n'kutsegula mtima. Tsiku lina masana ndinawaona akulowa m'khitchini mwawo, ndipo ndinazungulira kuseri n'kunyonyomala pafupi ndi khoma. Ndinakhosomola.

"Amayi, ndine."

"Ndakumvani, bambo."

"Ndimati ndithokoze. Ndiponso ndasiya zija. Simudzamvanso fungo lake pakhomo pano."

Kenako mawu anabwera kudzera m'khoma, otsika koma olimba.

"Mwasiya? Ndiye mukufuna achimwene adziwe kuti ndinanama? Akuyang'ana, bambo. Akaona kuti mlandu utangotha fungo latha, adziwa kuti ndimakutchingirani, ndipo aitanitsanso ankhoswe. Ndinanena pagulu kuti ndimakutumani. Ndiye ndizikutumani, anthu akuona. Walira mvula walira matope. Kagulenitu fulawa."

Ndinapalasa kupita ku Namadzi tsiku lomwelo. Madzulo ake ndinaphikira panja, mbaula pakhonde, chitseko chili pululu, alamu atakhala pa chitsa akundionerera ndi mano onse panja. Sindinadzutse mutu.

M'mawa mwake anthu akutuluka ndi makasu, atsibweni ali pa khonde lawo akumanga nsapato, apongozi anaima pakhomo pa nyumba yawo. Anayang'ana kumbali monga mwa nthawi zonse. Ndinawaona akukonza chitenje chomwe chinali chokonzeka kale. Kenako anakweza mawu, mayi amene chikwatirire mwana wawo anali asanandiitanepo mokweza.

"Akamwini! Chakudya changa chili kuti?"

Mawuwo ananjenjemera pakati, ndipo pomaliza anachita kusweka. Pabwalo ponse anthu anaima. Ndinatenga mbale ya pitsa yopinda ndi manja awiri n'kuyamba kudutsa bwalo lija, alamu akuimba mluzu, amayi ena akubisa nkhope m'zitenje. Nditafika ndinagwada n'kuika mbale pansi. Iwo anawerama kuti aitole, ndipo mosafuna ndinawaona kumaso koyamba chapafupi. Misozi inali ikutsika mpaka pachibwano. Anaipukuta msanga ndi nsonga ya chitenje, anatola mbale, n'kunena mokweza kuti atsibweni amve:

"Mawa muchuluke tsabola."